Mbuya wanga anakhoza mayeso ndi manyazi anga

Amene anandilakwira ndi mnyamata wa Chibemba, wamiyendo ngati ndodo zothyolera mango, yemwe koleji ina ya ku Lusaka inamutumiza kwathu ku Chinyunyu kudzayeserera uphunzitsi. Ankagona m'nyumba ya amayi anga, ankasamba madzi otunga ine, ndipo tsiku lina m'mawa anandiimika kutsogolo kwa ana a Giredi 2 n'kuwauza chinthu chimene ndinakhala ndikubisa kuyambira ndili mwana. Anandivula pagulu kuti iye apeze malikesi. Mlandu wake ndi umenewo. Koma ndiyambire kumene unayambira, chifukwa ndikaudula pakati magazi amandiwiranso.

Nthawi imeneyo boma la Rufunsa linali litangoima palokha. Anthu a ntchito ankatsika m'mabasi ndi matiresi pamutu, uyu wa zaulimi, uyu wa kuchipatala, uyu mphunzitsi, koma nyumba zogona kunalibe. Ahedi a pasukulu yathu anabwera kwa amayi kudzapempha kachipinda ka kuseri kamene tinkasungamo makasu. Anati kukubwera mwana wa koleji, akhala temu imodzi chabe, ndi wofatsa. Amayi anavomera. Makasu anasamukira kwa ine.

Ine ndinali ndi kamsasa kanga m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pokhotera ku madzi otentha. Ntchito yanga inali kumata machubu, kuwongola malimu, kumanga masipoko, nthawi zina kutsegula njinga yamoto ngati mwini wake ali wolimba mtima. Sukulu ndinaisiyira mu Giredi 3, bambo atamwalira, ng'ombe za amalume zitasowa mbusa. Ndinatuluka m'menemo ndikudziwa kuimba ndi kuwerengera, koma zilembo zinkangondionekera ngati nyerere zimene munthu waziponda. Palibe amene ankadziwa zimenezi kupatula amayi. Ndinali ndi njira zanga. Pamsasa ndinkakhala ndi nyuzipepala yakale pamiyendo, ndikuigwedezera mutu ngati munthu wokhumudwa ndi mmene dziko likuyendera. Wina akandipatsa foni kuti ndimuwerengere, ndinkati manja ali ndi girizi. Ndipo chachikulu, anthu ankadziwa kuti mtima wanga ndi wapachala. Munthu amene anaponyapo sipanala kwa kondakitala safunsidwa mafunso ambiri.

Chifukwa chimene ndinkabisira kwambiri chinkakhala tsidya lina la msewu, chikugulitsa nthochi ndi mtedza wophika kwa anthu a m'mabasi. Mtsikana ameneyu anafika Giredi 9, ndipo pakamwa pake panali pothwa ngati lumo latsopano. Tinali titagwirizana kale, amalume anali atalonjeza kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe apita kukaonekera kwa makolo ake. Iye ankandiona tsiku ndi tsiku ndili ndi nyuzipepala yanga. Ndinkadziuza kuti adzadziwa tili kale m'nyumba, mwana ali kumsana, pobwerera palibe.

Madzulo oyamba, mwana wa koleji uja atayala matiresi ake, anandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti. Ndinati amayi ndi Asoli a konkuno, bambo anali Mngoni wa ku Chipata.

Analumpha ngati waponda moto.

"Mngoni! Lesa wanga, andigoneka m'nyumba ya kapolo wanga! Iwe mbuya, mbewa zako wazibisa kuti? Usandiikire m'ndiwo, ndakuona kale maso ako."

Ndinaimirira, nkhonya zitakonzeka. Amayi anandikoka malaya uku akuseka mpaka misozi. Chimbuya ndinkachidziwa, ndinkachiona pamaliro Abemba ndi anthu a kum'mawa, kwawo kwa bambo, akupakana ufa kumaso, akunyozana mitundu, wina osakwiya. Koma chinali chisanandigwerepo ine mwini, m'nyumba mwathu, kuchokera kwa munthu wovala masokosi a mizeremizere. Amayi anandikumbutsa lamulo lake: mbuya akakutukwana umabweza ndi pakamwa, ukakweza dzanja wanyozetsa mtundu wa bambo ako wonse, ndipo anthu adzakuseka mpaka kumanda.

"Wadya anyani angati panjira?" ndinatero, mawu akutuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri.

"Awiri chabe, mbuya. Wachitatu ndi iwe, ndikusungira Sabata."

Umu ndi mmene tinayambira.

Sindinkadziwa kuti kuphunzira uphunzitsi ndi ntchito yotolera zinyalala. Mnyamata uja ankabwera kunyumba ndi matumba odzaza zitsekerero za mabotolo, makatoni a sopo, zitsononkho, timiyala. Ankati ku koleji anawauza kuti mphunzitsi weniweni sadikira mabuku a boma, amapanga zophunzitsira ndi zimene wapeza. Lichero la amayi linasowa, tinakalipeza lili pakhoma la kalasi litasanduka wotchi. Nyemba zambewu anazimata pakatoni kukhala zilembo. Tsiku lililonse asanakaphunzitse ankayenera kulemba pulani ya phunziro, zimene adzanene iye, zimene adzayankhe ana, ngati kuti ana a kwathu amayankha zimene munthu wawakonzera. Ndiye ankayeserera. Ankaima kuseri kwa nkhokwe, choko m'manja, n'kukuwa kuti, "Mwauka bwanji, ana?" Omuyankha anali nkhuku.

Vuto lake linali lilime. Ana aang'ono amaphunzitsidwa m'Chinyanja, koma iye Chinyanja chake chinali cha m'maminibasi a ku Lusaka, chothira Chibemba ngati mchere wa munthu wakhungu. Ana ankagwa pansi ndi phwete iye akuganiza kuti akusangalala ndi phunziro. Tsiku lina anabwera pamsasa panga nkhope itagwa.

"Mbuya, nkhuku sizindikonza ndikalakwitsa. Bwera uzikhala mwana wa sukulu madzulo. Ndikanena zopotoka uzindiuza."

"Ine ndikhale mwana wako?"

"Ndiwe kapolo wanga kale, kukhala mwana ndi kukwezedwa pantchito."

Ndinapita chifukwa ndinkafuna kumuseka. Ndinkakhala pamtondo wogwadika kuseri kwa nkhokwe dzuwa likupendeka, iye akulemba pa chitseko chakale chimene anachipaka makala. Ankaimba, ankavina, ankanditcha "mnyamata wa kumbuyo uko" ngakhale ndinali ndekha. Ndikakonza mawu ake ankandilamula kuti ndikweze dzanja kaye. Ndikayankha bwino ankandiombera m'manja mwa kasukulu, katatu kofulumira n'kuloza zala zonse kwa ine. Ndinkamuuza kuti tsiku lina ndidzamuthyola zala zimenezo.

Koma maso anga ankakhala pa chitseko. Iye ankaphunzitsa mosiyana ndi mmene anatiphunzitsira ife. Sankayamba ndi kuloweza mndandanda wonse. Ankatenga chilembo chimodzi, n'kunena kulira kwake, mmm ngati munthu wamva fungo la nyama, n'kuchikwatitsa ndi china, ma, me, mi. Nyerere zija zinayamba kuima m'mizere.

Anandigwira m'sabata yachiwiri kapena yachitatu. Anamwaza timakatoni pansi n'kunena kuti mnyamata wa kumbuyo atole pamene palembedwa "ta". Ndinati dzuwa likundithobwa m'maso. Anasuntha timakatoni n'kutiika pamthunzi. Ndinati masewera a ana andikwana. Iye anandiyang'ana, kenaka anafunsa motsitsa mawu, mopanda nthabwala.

"Mbuya, sudziwa, eti?"

Ndinamugwira pakhosi pa malaya mpaka batani linaduka. Ndinamuuza kuti akadzangotsegula pakamwa kwa munthu aliyense, kaya ahedi, kaya nkhuku zomwezi, ndidzamugulula mano, chimbuya chikhalepo chisakhalepo. Ndinamuuzanso za mtsikana wa nthochi, kuti adziwe kulemera kwa chimene wanyamula. Analumbira. Ananyambita chala n'kuloza kumwamba.

"Zafera pano. Koma nditaye, kapolo iwe, malaya ndili nawo awiri okha. Khala pansi. Ichi ndi ta."

Kuyambira pamenepo masewera anasanduka sukulu yeniyeni, ngakhale tonse tinkanamizira kuti ndikungomuthandiza. Sindidzaiwala mawu oyamba amene ndinawerenga ndekha panja. Ndinali kukankha njinga ya munthu kumsewu, ndinaona kabolodi kotsamira matumba, kamene ndinakhala ndikukadutsa zaka. Ndinaima. Ma. Ka. La. Makala! Ndinayang'ana matumba aja, analidi makala, akuda bii, oonekera kutali. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Thukuta lonse lija kuti ndidziwe chimene maso anali kuona kale! Komabe tsiku limenelo ndinayenda ngati msewu wonse ndi wanga.

Kenaka kunabwera uthenga woti alekichala akubwera kudzamuona akuphunzitsa. Ameneyu ndiye mayeso aakulu a ana a koleji: munthu amakhala kumbuyo kwa kalasi, amakuyang'ana kuyambira polowa mpaka potuluka, ndipo akapukusa mutu satifiketi yako yapita. Mbuya wanga anasiya kudya. Anati amene akubwerayo ndi mayi wachikulire amene anagwetsapo anthu chifukwa chofufuta bolodi ndi dzanja.

Phunziro lake linali la nja, nje, nji, njo, nju. Ku koleji anawaphunzitsa kuti mwana amagwira msanga akaona chinthu chenicheni, osati chojambula. Ndiye anandipempha kuti ndibwere ndi njinga m'kalasi.

"Udzangoima nayo kutsogolo. Ndidzati, ana, awa ndi akatswiri a njinga a m'dera lathu. Uwaonetse tcheni, uwaonetse belu, basi. Madamu amakonda mphunzitsi woitana anthu a m'mudzi. Udzakhala mlendo wolemekezeka, mbuya, koyamba ndi komaliza m'moyo wako."

Ndinavomera. Ndinatsuka njinga yabwino kuposa zonse zimene zinali pamsasa, ya mkulu wina wa mpingo amene sanadziwe kuti yapita kusukulu. Ndinavala malaya oyera a kutchalitchi. Podutsa pamsewu mtsikana wa nthochi anandifunsa kumene ndikupita nditawala chotero, ndinamuyankha mokweza kuti andiitana kukaphunzitsa.

M'kalasi munali ana odzaza mpaka pakhomo, ena pamadesiki, ambiri pansi. Kutsogolo kwenikweni, miyendo itapindidwa, kunali kamng'ono wake wa mtsikana wanga, kamtsikana ka maso akuluakulu kosaiwala kanthu. Kumbuyo, pampando wa ahedi, kunali madamu aja, magalasi ali pamphuno, chikwama pamiyendo, nkhope ngati ya woweruza milandu.

Zinayamba kuvuta pa moni pomwe. Ana aja, amene masiku onse ankasokosera ngati mbalame za m'mapira, ataona mlendo wa magalasi anauma. Ahedi anali atawaopseza dzulo lake kuti wopanga phokoso adzaona, ndiye iwo anaganiza kuti njira yabwino ndi kusatsegula pakamwa n'komwe. Mbuya anayambitsa nyimbo, anaimba yekha. Anandilozera.

"Ana, ichi n'chiyani chimene agwira ankolo?"

Zii.

Ana obadwira panjinga, opita kuchipatala panjinga, onyamula chimanga panjinga, tsiku limenelo sanaidziwe njinga. Ndinaliza belu kuti ndiwathandize. Kamwana kena kanayamba kulira. Mbuya analemba mawu pabolodi ndi zilembo zazikulu, choko chinathyoka, anatola, chinathyokanso. Thukuta linatsika m'khosi mwake n'kunyowetsa kolala. Anafunsa amene angawerenge. Palibe dzanja linakwera. Kumbuyo kuja madamu anayang'ana wotchi yawo, osati ya lichero, yeniyeni ya pamkono.

Ndinamuona mnyamata uja akumira. Ndinamumvera chisoni, Mulungu ndi mboni. Ndiye maso ake anagwera pa ine, ndipo ndinaona chinthu chikuyaka m'menemo, ngati munthu womira waona nthambi.

"Ana inu, mukuopa chiyani? Taonani ankolo awa. Aakulu, a ndevu. Pamene ndinabwera ine kuno sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi! Ngakhale chimodzi! Ndawaphunzitsa ine kuseri kwa nkhokwe. Manje taonani. Ankolo, tiwerengereni apa."

Anandiikira ndodo yake yolozera pansi pa mawu aja.

Mpaka lero sindimvetsa chimene chinachitika. Mutu unkati mugende ndi njinga yomweyi. Koma pakamwa panali patazolowera ndodo ija madzulo onse, ikaloza pamayankha. Ndinangomva mawu anga akutuluka okha, aakulu, m'kalasi ya zii.

"Nji... nga."

"Tiwaombere m'manja ankolo!"

Ana aja anadzuka kwa akufa. Anaomba katatu kofulumira n'kundiloza ndi zala zonse, kalasi yathunthu, kamng'ono wa mtsikana wanga kali patsogolo, maso ali mbee. Kenaka manja anakwera ngati chimanga chomera. Aliyense ankafuna kuwerenga, pakuti ngati ankolo a machubu akutha, ndani angalephere? Njala, njerwa, njiwa, njoka, njuchi, mawu ankangogwa ngati mango akupsa. Phunziro linayenda ngati minibasi yotsika phiri. Ine ndili chiimire ndi njinga ya mkulu wa mpingo, malaya oyera, makutu akutentha ngati ndawaika pa mbaula.

Potuluka madamu anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anati ndine chitsanzo chabwino kwa anthu a m'mudzi, ndisasiye. Anatembenukira kwa mbuya n'kumuuza kuti kuganiza msanga koteroko ndiye uphunzitsi, wakhoza bwino kwambiri. Iye anaseka mano onse. Atayang'ana nkhope yanga kumwetulira kunazima, ndipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ahedi akumufuna ku ofesi.

Ana a Giredi 2 amaweruka dzuwa lisanafike pamutu. Pofika masana nkhani inali itadutsa msika, yakwera minibasi, yafika ku Rufunsa n'kubwerako. Ndinakhala pamsasa ndikumenya limu limene linalibe mlandu. Tiana tinkadutsa m'magulu, tikafika patali pang'ono n'kuyamba, "Nji! Nga! Nji! Nga!" Makondakitala ndiwo anapeza chakudya.

"Ba Giredi Thu, belu lalira, simupita?"

"Ba ankolo, tiwerengereni nambala ya galimoto iyi, tikupatseni switi!"

Wina anandifunsa mwaulemu kwambiri kuti m'nyuzipepala muli nkhani yanji lero. Ameneyo anathawa wopanda silipasi imodzi, ndipo ndinaikhomera pamtengo wa msasa kuti ena aone.

Ndinafika kunyumba ndi sipanala yaikulu ya mawilo a njinga yamoto. Kachipinda kanali kotseka. Amayi anati mnyamata wanyamuka ndi kachikwama, wati akukagona kwa mnzake wa koleji ku Mpanshya mpaka Sabata, ali ndi zolemba zofunika kuchitira pamodzi.

"Zolemba! Akalembe ndi wilo yomwe, yogawa katundu wake akafa."

"Ika chitsulo pansi," anatero amayi. "Ndi mbuya wako."

"Amayi, ichi si chimbuya. Chimbuya ndi mbewa ndi anyani. Uyu analumbira."

"Walakwa, sindikukana. Akabwera ndimukalipira ndekha. Koma ukamukhudza, anthu sadzati wamenya wosasunga chinsinsi. Adzati mwana wa Mngoni walephera nthabwala, wamenya Mbemba, mlendo wa m'nyumba mwa amake, mphunzitsi wa ana awo. Bambo ako ankanyozedwa ndi Abemba pamsika mpaka kuvulidwa chipewa, ankabwera kunyumba akuseka, akukonza zokabweza mawa."

"Bambo ankadziwa kuwerenga."

Amayi anangotenga sipanala m'manja mwanga ngati akulanda mpeni kwa mwana, n'kukaiika pansi pa mphasa yawo.

Loweruka sindinafune kupita kumsewu, koma njinga za anthu zinali kundidikira. Ndinakhala chofulatira tsidya lija. Nyuzipepala ndinali nditayatsira moto. Dzuwa litakwera ndinamva mapazi kumbuyo, kenaka beseni la nthochi linatera pafupi ndi phazi langa.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Paja munati akuitanani kukaphunzitsa."

Sindinatembenuke.

"Wabwera kudzaseka, seka msanga, ndili ndi ntchito."

"Ndaseka kale dzulo, nthiti zikuwawa. Mng'ono wanga wakuyeserera usiku wonse, mpaka kaimidwe." Anakhala pa tayala lakale, anathyola nthochi imodzi n'kuyamba kudya yekha. "Ndiye nyuzipepala ija unkaionamo chiyani, iwe? Tsiku lina unandiuza kuti fetereza akwera mtengo, wawerenga."

"Ndinamva pa wailesi."

"Ndipo anakweradi. Ndinati koma ndapeza mwamuna wodziwa zinthu."

Ndinaponya pansi chubu n'kumuyang'ana. Ndinamufunsa kuti anene zimene wabwerera, ngati amalume asavutikenso kupita kwawo anene pomwepo, ine si munthu wopempha.

Anatafuna nthochi yake mosafulumira, anapinda khoko bwinobwino.

"Kunyumba akambapo. Atate akuti munthu wosawerenga si chilombo, agogo anga sankawerenga koma anamanga nyumba ya malata. Chimene afunsa ndi cha sipanala. Amva kuti unamusakasaka ticha ndi chitsulo. Akuti lero ndi ticha, mawa ndi mwana wawo."

"Ine sindingakumenye iwe."

"Ndikudziwa, ndingakuthyole. Koma tamvera zanga, zosachokera kwa atate. Ukamugwira ticha uja, ngakhale kumukankha chabe, kwathu usabwere. Ndiponso ukasiyira pa njinga pomwepo chifukwa cha manyazi, usabwerenso. Wonama ndingamupirire, amuna nonse ndinu otero. Koma munthu woti dziko lonse lamuseka, iye n'kutsala ndi mawu amodzi okha m'mutu, ameneyo ayi. Akuseka kale. Manyazi walipira onse, katundu sunatenge."

Anasenza beseni lake, basi inali itaima tsidya lija. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Nthochi ndadyayo ndi yako, ndinakubweretsera. Unachedwa kutembenuka."

Ndinatsala ndili ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri. Kumenya, ayi. Kusiya, ayi. Ndinaganiza zopita kwa mphunzitsi wina, koma ndani? Ahedi, amene angandiike pa mzere ndi ana? Mtsikana yemweyo, kuti azindiseka mpaka ukalamba? Munthu yekhayo amene ankadziwa pamene ndafika, amene ankadziwa kuti ba ndi da zimandisokoneza ndipo ndikakwiya amayenera kundisiya ndizungulire nkhokwe kaye, anali wakuba uja wothawira ku Mpanshya. Ndipo temu inali kutha. Akanatha kubwera, kutenga matiresi ake mwakachetechete, kusamukira kwa ahedi masabata otsalawo, n'kukwera basi ya ku Lusaka ndi malikesi ake, ine n'kutsala ndi nji ndi nga.

Usiku umenewo ndinakonza mawu ambiri, ena oti sangalembedwe. M'mawa wa Sabata kutchalitchi sindinamve ulaliki, ndinali kuwasula, kuchotsa amene angandifikitse ku nkhonya, chifukwa ndimadzidziwa, pakamwa panga pakathamanga manja amatsatira.

Madzulo ndinakakhala pamsasa ngakhale Sabata sinditsegula. Anthu anazindikira chimene ndikudikira. Ogulitsa makala anasendera pafupi, makondakitala amene analibe ulendo anakhala pa matumba, amayi a tomato anasiya kuitana makasitomala. Tsidya lija mtsikana wa nthochi anaika beseni pansi n'kupinda manja pachifuwa.

Minibasi ya ku Mpanshya inaima. Anatsika amayi ena ndi nkhuku, anatsika mkulu wina ndi thumba la ufa, kenaka patapita kanthawi, kondakitala atamukalipira kuti asachedwetse anthu, inatuluka miyendo ija. Anali atanyamula kachikwama kutsogolo ngati chishango. Atandiona anayang'ana kumanzere, kumanja, kumene kunalibe kothawira, n'kuyesa kumwetulira.

"Mbuya... kapolo wanga... ndakubweretsera mbewa za ku Mpanshya."

Palibe anaseka. Iye anatsitsa kachikwama.

"Mbuya, ndinalakwa. Mutu unaima. Ndinaona satifiketi ikupita, amayi anga anagulitsa mbuzi zonse kuti ndifike ku koleji, ndiye pakamwa panangotseguka. Ndimenye kamodzi, koma osati kumaso, mawa ndili ndi kalasi."

Ndinayenda mpaka ndinamva fungo la mafuta ake odzola. Manja ndinawalowetsa m'matumba a buluku n'kugwira nsalu ya m'kati zolimba, kuti asatuluke okha. Msewu wonse unali chete, ngakhale injini ya minibasi anaizimitsa. Ndinalankhula mokweza, kuti wa makala wa kumapeto amve, ndi wa tsidya lija amve.

"Iwe wodya anyani, tsegula makutu. Sindikumenya. Osati chifukwa ndakukhululukira, koma chifukwa mano ako ndikuwafuna, uzitchulira bwino zilembo. Unandigulitsa kwa madamu ako, anakulipira malikesi, ndiye manje ndine katundu wako, undinyamula mpaka kumapeto. Kuyambira mawa ukaweruka ubwera pano pamsasa, osati kobisika, pompano pamsewu, ndi choko chako, aliyense wofuna kuseka adzaseke atakhala pansi akuphunzira nawo. Basi ya ku Lusaka sukwera mpaka ndiwerenge tsamba lathunthu popanda chala, ukayesa kuthawa makondakitala awa akutsitsa. Ndipo tsiku la ukwati wanga, satifiketi ili m'thumba, taye ili pakhosi, udzatunga madzi ndi kuwaza nkhuni kuyambira m'mawa, anthu onse adzaone kuti kapolo ndani pakati pa iwe ndi ine. Tiye kunyumba, amayi akukudikira ndi zawo. Tsogola, ndikuone."